Dotolo wa Mafupa Wapezeka

Minibasi itadutsa pa Khombedza, Maganizo anali akuimbabe foni. Zipatala zimene anali ataziyesa chitsikireni ndege anasiya kuziwerenga. Funso linali lomwelo: kodi muli ndi dotolo wa mafupa amene amalandira khadi ya inshuwalansi ya ogwira ntchito m'boma?

Amayi ake, a Sofiya, anaterereka pachitsime kwawo ku Benga n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Chigwereni anali chigonere kuchipatala cha pa boma, mwendo ataukoka ndi chingwe, kumapeto kwake kukulendewera thumba la mchenga. Dotolo wodziwa opaleshoni yotere ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo omudikira anali ambiri. Khadi inalipo, ya mlongo wake Rebeka, mphunzitsi wa pulayimale, amene analembetsapo amayi awo. Koma kuzipatala zolipira akangomva za khadi ya boma, mawu a woyankha foni ankazizira ngati phala la dzulo.

Zoti n'kulipira yekha panalibe. Kumudzi ankayesa kuti ku Mangalande ndalama amachita kutola pansi. Iye zaka zonsezi ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo nkhalamba, kusambitsa ndi kudyetsa amayi a eni ake, pamene amayi ake enieni ankakalambira m'manja mwa Rebeka. Kangachepe komwe anasunga kanathera pa tikiti ya ndege, tsiku lija amalume ake, a Filipo, anaimba n'kungoti, "Ubwere. Kuno sikuli bwino."

A Filipowo ndiwo anakamuchingamira ku bwalo la ndege, ndipo tsopano anali pambali pake, chipewa chili pamaondo.

"Amalume, Rebeka bwanji sakuyankha foni? Chiimbireni inu paja, ndayesa ndatopa."

"Ukamuona tikafika," anatero a Filipo, maso ali pawindo.

Nayenso Maganizo anasuzumira kunja. Msewu umene ankaukumbukira uli ndi mthunzi mbali zonse unali mbee, mitengo yake itasanduka matumba a makala oimikidwa m'mphepete. Phula linali litadyeka ngati nsalu ya m'sutikesi yakale. Dziko ili ankalisimba monyada kwa anzake kuntchito, koma lero linkamuyang'ana ngati mlendo wosochera.

Anaimbanso, ulendo uno kuchipatala china cha mishoni cha ku Lilongwe. Anayankha ndi mayi wa mawu odekha.

"Khadi imeneyo timalandira, bambo. Adokotala ali ndi mpata sabata ya mawa. Mubwere ndi odwalawo, zithunzi za fupalo, ndi mwini khadi adzasaine."

Maganizo anawapempha kuti abwereze. Atabwereza, anathokoza mpaka mayi wonyamula dengu la tomato pampando wakutsogolo anacheuka n'kumwetulira.

"Amalume, wapezeka. Dotolo wapezeka. Amayi adzayendanso."

"Wachita bwino, mwana wa mlongo wanga."

"Ndiye tisatsike pa Benga. Tipitirire mpaka pa boma, ndikawauze ndekha kuchipatala."

A Filipo anatembenuza chipewa chawo m'manja. "Ayi. Tiyambe tafika kunyumba."

Mawu amenewo ndiwo anamudzutsa. Anakhalitsa kunja mpaka kuiwala za kwawo. Kumene ankakhalako imfa amakuuza pafoni uli chiimire m'sitolo. Kuno munthu wapaulendo sauzidwa maliro panjira. Amatuma wamkulu wodziwa kusunga pakamwa, akamutenge, amudyetse, amuyankhe zilizonse, mpaka amufikitse pakhomo ali wamphumphu. Ndiye chifukwa chake sanatume mnyamata. Ndiye chifukwa chake amalume ake, munthu wa nthabwala zosatha, anali asanaseke chikumanirane.

Sanafunse. Kufunsa kukanakhala kuwakakamiza akuluwo kunama kapena kuswa mwambo pakati pa anthu osawadziwa. Anaika foni m'thumba n'kutsamira mpando. Anawaona amayi ake m'maganizo mmene anawasiyira, atavala zoyera ndi zabuluu za amayi a mpingo, akumukankhira chinangwa chophika pawindo la basi. Anachedwa. Dotolo wapezeka wodwala atapita kale. Misozi inatsika yokha, ndipo a Filipo anamugwira bondo.

Anatsika pa Benga n'kulowa njira ya kumudzi. Asanafike patali anapeza nthambi zamasamba zitayalidwa modutsa njira. Wakabaza amene ankabwera kutsogolo kwawo anatsika n'kumakankha njinga yake. Chapatali kunkamveka nyimbo ya amayi a mpingo, yokoka pang'onopang'ono, yomwe ija ankaimva ali mwana.

Maganizo ankayenda akukonza mawu okamuuza Rebeka. Mlongo wakeyo ndiye anagona pansi m'chipatala, ndiye ankawatembenuza amayi, ndiye anawatseka maso. Mpake kusayankha foni. Mawu ake akanaulula zonse. Anatsimikiza mumtima kuti akamugwira dzanja pamaso pa anthu onse n'kumuuza kuti wagwira ntchito ya ana awiri.

Amuna amene anakhala pansi pa mtengo wa mango anasiya kulankhula atamuona. Azimayi anapatuka kumupatsa njira. Iye anaweramitsa mutu n'kulunjika pakhomo.

Pakhonde panali matiresi. Pamatiresipo panali amayi ake, omwe anakawatenga kuchipatala kuja, atatsamira khoma, mwendo uli tambalale, maso atatupa. Anamutambasulira dzanja.

"Wafika, mwanangu," anatero a Sofiya. "Lowa ukamuone mlongo wako. Anati apite yekha ku Lilongwe akandifunire dotolo. Minibasi yake sinafike."