Munthu wa Pansi pa Mkeka

Malaki ankafunafuna masilipasi ake kuseri kwa nyumba pamene anaona jekete ya mwana wake itatayidwa pa udzu. Jekete yobiriwirayo anamugulira Amosa chifukwa cha chisanu cha ku Sydney. Mnyamatayo sankaivula ngakhale kuno ku Samoa, kumene Julayi amatulutsa munthu thukuta, poti ankafuna atsikana adziwe kuti iye wabwera pa ndege. Tsopano inali itauma gwaa ndi magazi, kuyambira kumanja mpaka pachifuwa.

M'nyumba munali zii. Mowa wa dzulo, umene anzake akale anamulandira nawo, unamuthera m'mutu nthawi yomweyo.

"Fuatino! Mwana wanga ali kuti?"

Fuatino, mayi woyandikana nawo nyumba, anaimika tsache. "Achimwene, takhalani kaye pansi. Dzulo kugule Amosa anamenyana ndi mwana wa a Lafaele, mpaka ambulansi inabwera. Abale anu onse alawirira kwa a Lafaele konko. Anati tisakudzutseni, paja inu mutu wanu umatentha msanga..."

Mawu otsalawo Fuatino anauza mphepo. Malaki anali atazula kale chikwanje pa chitsa chosendera kokonati.

Munthuyu anachoka kuno ali kamwana ka pulayimale. Ku Sydney amalondera pakhomo la bala, ntchito imene amamulipira chifukwa chomenya asanafunse. Amosa anamulera chimodzimodzi, m'galaja, magolovesi ali m'manja, lamulo lake limodzi lokha: mwamuna salira. Sukulu zitatsekera tchuthi cha nyengo yozizira, anakwera naye ndege kuti adzaone kumene kunagwera mchombo wa bambo ake. Mkazi wake sankafuna. Malaki anamulumbirira pabwalo la ndege kuti mwanayo amubweza wopanda ndi kachipsera komwe.

Anathamanga wopanda nsapato, agalu akumuuwa, ana akubalalika mumsewu. Mumtima mwake munalibe china koma kupha.

Kwa Lafaele anthu anali atadzaza. Pakhonde panaima anyamata a pakhomopo, miyala ndi zikwanje m'manja, maso ali psuu. Pakati pa bwalo, padzuwa la phwee, panagwada munthu atafunditsidwa mkeka waulemu, uja wa nthenga zofiira m'mphepete. Pambali pake anaunjika nkhuni, miyala ya uvuni ndi masamba a nthochi. Mwambo wa ifoga Malaki ankaukumbuka mwa apo ndi apo. Wolakwa amadziphimba, kunena kuti ndili pano, mukafuna ndiwotcheni ngati nkhumba. Olakwiridwa akavundukula mkeka ndiye kuti mlandu watha.

Chimene chinamupsetsa mtima koposa n'chakuti abale ake enieni anali atakhala pa udzu kumbuyo kwa mkekawo, mitu ili pansi, palibe ndi mmodzi yemwe wogwira mwala.

"Amantha inu! Magazi a mwana wanga mukufuna kuwasinthanitsa ndi kamkeka?"

Mkulu wake, Pelesala, anadzambatuka manja ali m'mwamba. "Malaki, taima! Mphwanga, tamvera kaye, ameneyu..."

Chigongono cha Malaki chinamupeza pakamwa penipeni, mano awiri n'kugwera pa udzu. Msuweni wina amene anamugwira mwendo analandira chidendene pamphuno. Enawo anadzuka mochedwa.

Theche loyamba linalowa m'nthiti za wogwadayo. Linamveka ngati kuthyoka kwa nthambi youma. Munthuyo anagwera cham'mbali, kenako pang'onopang'ono anagwadanso, mkeka ataugwira zolimba cham'kati. Malaki anamukwapula ndi msana wa chikwanje paphewa, pamsana, pakhosi. Amayi anakuwa, ena akumutchula dzina, koma makutu ake anali atatsekeka. Banga lofiira linayamba kufalikira pamkeka.

Pansi pa mkekawo sipanatuluke ngakhale kabuulo. Kukhala chete kumeneko kunamuwonjezera misala.

"Lira, galu iwe! Dzulo unali ngwazi, si choncho? Unaona ngati mwana wa ku Sydney alibe mwini? Lira ndikumve!"

Anyamata a pakhonde aja sanatsike. Miyala inali kuwagwa m'manja, pakamwa pali yasa. Malaki anaseka chiseko choipa. Mudzi wonsewu ndi wa amantha, anatero mumtima, sangateteze ngakhale m'bale wawo. Anatembenuza chikwanje kuti mbali yakuthwa iyang'ane pansi, n'kuchikweza ndi manja awiri.

Wina anamugwira mkono. Anali Lafaele mwini wake, bambo wamfupi wa imvi, maso otupa chifukwa chosagona, malaya ake akununkha mankhwala a kuchipatala.

"Zakwana, mlendo," anatero motsitsa mawu. "Kuyambira m'mawa ndakhala ndikulimbana ndi mtima wanga kuti ndisachite zimene wachitazi. Tsopano mkwiyo wanga watha, kwatsala chisoni."

"Chotsa dzanja lako, mdala, ndingakuphatikize!"

"Wakhalitsa kunja, mwana wa kwathu. Unaziona kuti zoti munthu n'kupepesa pabwalo la kwawo komwe? Wopepesa amagwada pakhomo la amene wawalakwira."

Lafaele anawerama n'kuvundukula mkeka. Amosa anadzutsa nkhope movutika, mlomo wake utang'ambika chifukwa chodziluma.

"Magazi a pajekete aja si anga, adadi," ananong'ona. "Koma mwaona? Sindinalire."