Njinga Yomangidwira Awiri

"Yayambanso kunjenjemera," anatero Paison, mlangizi wa zaulimi, potsika pa njinga yake yamoto. "Ndikangothamanga pang'ono mumsewu wa kwa Kanduku, mahandulo akugwedezeka ngati afuna kundigwetsa."

A Dominic, makaniko wa pa boma la Mwanza, anatukula tayala lakutsogolo n'kulizungulitsa. Anagogoda masipoko, kupima mpweya, n'kugwedeza mafoloko. Zonse zinali bwino. Kenako anakanikiza mpando wakumbuyo, koma sunatsike.

"Achimwene, vuto lili kumbuyo kuno. Mashokowa ndinawalimbitsa ndine kuti muzikwera awiri ndi alamu. Mukakwera nokha kumbuyo kumatukuka, ndiye kutsogoloku kumavina."

Paison anayang'ana pansi. Mkazi wake Esime anali atawolokera ku Mozambiki ndi anzake a Mboni za Yehova atakana kugula khadi la chipani, ndipo dzina lake panalibenso wolitchula mokweza.

"Ndiwafewetse akhale a munthu mmodzi? Si ntchito yaikulu," anatero a Dominic, sipanala ili m'manja. "Apo ayi, tsiku lina tidzakutolani kuphompho."

"Nanga akabwera?"

A Dominic anayandikiza sipanala pa mashoko aja.

"Asiyeni choncho," anatero Paison.

M'mawa mwake anthu anamuona akukwera zitunda za kwa Kanduku, njinga ikuyenda bwinobwino osagwedezeka. Pampando wakumbuyo anali atamangapo thumba la mchenga. Akafika pamabampu, ankachepetsa liwiro monga ankachitira kale.