Pamene Amayi Ankakwezera Mawu

Bambo wina anayandikizanso foni kukamwa n'kuyimba mong'ung'udza nyimbo imene malemu amayi ake ankayimba posita zovala. Zaka zonse zimene anathera m'mayiko a eni anaisunga m'mutu, koma mawu ake anali atathawa. Pulogalamu yofufuza nyimbo inazungulirazungulira, kenako inati palibe nyimbo yotere.

Mlongo wake, amene ankapukuta makapu, anaseka mpaka kugwira khoma.

"Achimwene, mukuyimba ndendende ngati amayi, n'chifukwa chake sikupezeka. Paja iwo akafika kumapeto ankakweza mawu ngati apondedwa chala."

Mlongoyo analanda foni, nayimba yekha, kumapeto n'kutsitsa. Nthawi yomweyo kunamveka kukanda kwa chimbale chakale, gitala, kenako mawu a mayi wina.

Bamboyo anakhala pampando pang'onopang'ono. Inali yomweyo, ndi mawu ake onse. Anamvetsera mpaka kumapeto, pamene woyimbayo anatsika bwinobwino.

"Walakwitsa mayiyu," anatero, akupukuta m'maso.

"Zedi. Ibwezeni timukonze."

Anaibweza, ndipo pofika pamalo paja onse awiri anakweza mawu, mpaka galu wa aneba anayamba kuwayankha.