Mlatho wa Azakhali

Azakhali anakhala pa benchi panja pa kalasi, akungopinda ndi kutambasula mpango wawo. M'katimo aphunzitsi a mbiri yakale ankaitana ana mmodzimmodzi kudzawerenga zimene anafunsa akuluakulu kunyumba. Posachedwa aitana Kamtsitsi, mwana wa mchimwene wawo.

Lachiwiri lapitalo mtsikanayo anabwera ndi kope ndi pensulo. "Azakhali, mlatho wakale uja anaumanga bwanji?"

Azakhali sankadziwa. Mlathowo unamangidwa iwo asanabadwe n'komwe. Koma pakamwa pawo mawu oti "sindikudziwa" sanadutsepo chibadwire. Anati anaumanga amayi okhaokha, masiku atatu basi, chifukwa amuna ankaopa kunyowetsa mathalauza. Anati mwala woyamba anausenza iwowo, mwana ali kumsana. Kamtsitsi analemba zonse osaseka, mpaka kufunsa kuti mwalawo unali wolemera bwanji.

Kusasekako n'kumene kunawasowetsa mtendere sabata yonse. Mwana wopanda mayi, wowakulira m'manja, akaimirire pamaso pa anzake makumi asanu n'kusanduka choseketsa chifukwa cha nkhalamba yosagwira lilime? Ndiponso malikisi a lero ndi amene apite pa lipoti la kumapeto kwa teremu. Kawiri konse anafuna kumuuza zoona, kawiri konse manyazi anawatseka pakamwa.

Pawindo panamveka kamawu kamene ankakadziwa bwino. Kanawerenga modekha mpaka kufika pa mathalauza. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ena mpaka kumenya madesiki.

Azakhali anadzuka, nakankha chitseko osagogoda.

"Aphunzitsi, pepani ndalowa ngati mbuzi. Mwanayu musamudule malikisi. Zonsezo ndi bodza langa. Ine sukulu ndinangoidutsa pakhomo, za milatho ndizidziwira kuti? Ngati pali chilango, wolakwa ndine, ndipatseni tsache ndisese bwalo lonse."

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyang'ana Kamtsitsi. Kamtsitsi anabisa nkhope m'kope.

"Mayi, khalani pansi, mwana wanu wakhoza bwino kwambiri," anatero aphunzitsi, akuwakokera mpando. "Sabata ino tikuphunzira kusiyanitsa mboni yoona ndi yonama. Aliyense ndinamutuma afunse funso limodzi kwa anthu awiri: amene amamukhulupirira, ndi amene akumudziwa kuti sanena zoona. Za bambo ake wawerenga kale. Apa anali pa gawo lachiwiri."