Kadontho Kachitatu

Chibwenzi changa chinatenga chofufutira n'kufufuta kadontho kachitatu pagalafu.

Tinali m'labu, tikukonzekera mayeso a kemisitile. Tinali titabaya m'makina oyezera mankhwala a GC timabotolo tisanu ta mowa wa ethanol todziwika mphamvu yake, kuti kukula kwa nsonga zimene makinawo ajambula kutipatse mzere woyezera sampulo yosadziwika. Botolo lililonse linatipatsa kadontho kake pagalafu. Timadontho tinayi tinagona pamzere. Kachitatu kanathawira pamwamba.

"Kamaipitsa mzere," anatero, akuuzira zinyenyeswa. "Taona tsopano, wowongoka ngati wa m'buku."

Ndinamuyang'ana. Gawuni yoyera yosita bwino, zolembera zitatu m'thumba, munthu wouza aliyense kuti adzakhala dokotala. Botolo lachitatulo anasakaniza yekha uku akuseka pafoni, ndipo ankadziwa kuti analakwitsa.

"Tisakanizenso, tibaye kachiwiri," ndinatero.

"Iwe, nthawi yake iti? Chosagwirizana ndi zinzake timangochotsa basi."

Anamwetulira n'kundigwira dzanja, ngati wanena zanzeru.

Ndinachotsa dzanja langa, ndinatola chofufutira chija n'kumuikira m'thumba, pambali pa zolembera zakezo.

"Sunga bwino," ndinatero. "Udzachifuna tsiku limene ine ndidzakutsutse."