Loko Pampopi wa a Jameson

Inu amene mumati ine ndimangokonda kulankhula, werengani mpaka kumapeto, kenako munditsutse ngati mungathe.

Panali munthu wina ku Mbayani, a Jameson, mwini nyumba za lendi. Papuloti pawo mpopi unali umodzi, wa onse. Nthawi ya korona ija anagula loko, n'kutseka mpopiwo, n'kulamula kuti wofuna madzi ayambe waonetsa khadi la katemera. Ankati akuteteza banja lawo.

Tenanti wawo wina, Madina, anali atabayitsa ndithu, koma nyumba itadontha khadi lake linanyowa, zolemba zonse n'kufufutika. Anawachonderera kuti afunse amayi amene anapita nawo kuchipatala. Iwo anangotembenuza kapepalako n'kumubwezera.

Ine ndinapitako ndekha, poti sukulu ndinafika nayo Folomu 4, za ufulu wa anthu sindichita kufunsa.

"Bambo a Olivia, munthu salandidwa madzi chifukwa cha pepala. Mukamutsekera pano, akamwa kuti?"

"Akaona yekha, mayi. Puloti ndi yanga."

Madina anayamba kutunga kumtsinje, kumene anthu amatayako matewera. A Jameson ankamuona akudutsa ndi chigubu, n'kumayang'ana kumbali. Mtima wawo unali m'malo, poti m'nyumba mwawo akuluakulu onse anali ndi makhadi.

Chimene sanaganize n'chakuti ana salabadira za malire. Olivia, mwana wawo womaliza, ankaswera kwa Madina kusewera ndi mwana wake. Ludzu likamugwira, ankamwa madzi a m'chigubu chomwecho.

Kolera itafika m'tauni, woyamba kutsegula m'mimba anali mwana wa Madina. Mayi ake anathamangira naye kuchipatala, anachira. Olivia atayamba, a Jameson anakana kuti singakhale kolera, poti kwawo amamwa madzi apampopi. Anangomugulira mapilitsi pagolosale. Pomwe ankasaka galimoto, maso a mwana anali atalowa kale m'kati.

Mtembo wa Olivia anaukulunga ndi azaumoyo, m'pulasitiki. Analetsa kusambitsa, kuona nkhope, ngakhale kuphika pasiwa. Bambo anaima patali, mwana wawo akutsitsidwa m'manda ndi anthu achilendo ovala magolovesi.

Phunziro: Katemera ndi wabwino, kabayitseni, ine ndinali woyamba m'dera lathu lonse. Koma khadi lisakhale chifukwa chomanira munthu madzi. Amene mwamuthamangitsira kumtsinje abwerako ndi matenda, ndipo mukhala naye pakhomo pomwepo. Tumizani ku magulu anu onse, makamaka kwa malandilodi. Ine pankhaniyi ndinapatapo mpando: lero ndine wapampando wa komiti ya madzi, ndipo ndikaimirira kulankhula, ngakhale azibambo amakhala chete.