Pusi Wongolawa

Padangokhala Njiri ndi mnzake Pusi, m'chaka chomwe dzuwa linkaswa mtengo.

Tsiku lina apongozi ake a Njiri anatumiza uthenga kuti afika masana. Njiri anaganiza zowalandira ndi phala lozizira la zipatso. Anaviika malambe, nafinyiramo mango ndi mapapaya, nathira mumtsuko. Kenako anakumba mumchenga wonyowa wa m'mbali mwa mtsinje, nakwirira mtsukowo mpaka m'khosi kuti phalalo lizizire.

"Achimwene, londerani, koma musavundukule," anatero Njiri, napita kukachingamira alendo.

Pusi anayang'ana mtsuko uja. "Ndingolawa ngati lazizira." Anatunga chikho chimodzi, kenako china. Poona kuti phala latsika, anathiramo madzi a mumtsinje kuti lifike pakale. Analawanso, nathiranso madzi.

Apongozi atafika thukuta lili kamukamu, Njiri anagwada nawapatsa chikho. Iwo anamwa pang'ono, nalavula.

"Mkamwini, ndayenda mtunda wonsewu kudzamwa madzi osambamo achule?"

Njiri anatembenuka, maso ali psu. "Pusi! Phala langa lili kuti?"

"Ndimangolawa, achimwene."

"Polawa timapisa chala, mbava iwe, osati chikho! Ukanangomwa lonse n'kusiya mtsuko wopanda kanthu, ndikanadziwa chonena. Koma wandigwaditsa pamaso pa apongozi nditanyamula matope!"

Apo n'kuti Pusi ali kale mumtengo, akunyambita milomo.

Mpaka lero ukaona Njiri akuthamanga ataimika mchira, mpatukire. Sakuthawa ayi, akusaka uja ankangolawa.

Nthano yathera pompa. Kaoneni mtsuko wanu, mwina wina akulawa.